Nkhanga Zinapangana Kusanapse

 Mau otitsogolera lero ali pa Mateyu 5, kuyambira ndime 38 kufikira 48, ndiponso pa Yohane 18, ndime 19 kufikira 23. Amene muli ndi Baibulo pafupi muwerenge ndime zimenezi mukapeza mpata, kapena mupemphe mwana wa sukulu akuwerengereni.

Pa Mateyu paja Ambuye akutiletsa kubwezera, natilamula kukonda ngakhale otizunza. Mau amenewa tinayamba kuwamva tili ana, ndipo m'chalichi timawavomera ndi ameni wamphamvu. Koma tsiku limene ng'ombe za mnansi zalowa m'dimba mwathu, kapena wina wasuntha malire a munda, mau aja amauluka ngati mankhusu. Dzanja limafika pa mpini wa nkhwangwa mutu usanaganize. Ambiri a ife mumtima timati lamulo limeneli ndi la angelo, munthu wa thupi ndi mwazi sangalikwanitse. Ena amati ndi lamulo la amantha, longofuna kuti osauka akhale cete pamene akuponderezedwa.

Lero tikambe za ana a sukulu amene analiyesa lamuloli pamaso pa dziko lonse. Zinacitika ku America, mumzinda wa Nashville, m'cigawo ca Tennessee, m'caka ca 1960.

Masiku amenewo, kumwera kwa dziko la America, azungu ndi anthu akuda anali olekanitsidwa pa zinthu zambiri: sukulu, zipatala, mipando ya m'basi, ngakhale pomwera madzi. M'masitolo akuluakulu a mu Nashville munthu wakuda ankaloledwa kugula zovala ndi ziwiya, ndalama yake ankailandira ndi manja awiri. Koma m'sitolo momwemo munali malo odyera, thebulo lalitali lokhala ndi mipando yake, ndipo pamenepo wakuda sankaloledwa kukhala. Mai woyenda ndi mwana wanjala ankangodutsa, mwanayo akuyang'ana anzake aciyera akudya. Agogo athu amene anaona nthawi ya Northern Rhodesia sangadabwe ndi nkhaniyi, pakuti nawonso m'matauni ankagulira nyama pa kazenera ka kumbali, khomo lalikulu lili la azungu okha.

Mumzindamo munafika m'busa wacinyamata wa mpingo wa Methodist, dzina lake James Lawson. Iyeyu anali mwana wa m'busa. Ankasimba yekha kuti ali mnyamata wamng'ono anamenya mbama mwana wa mzungu amene anamutukwana cifukwa ca khungu lake. Atafika kunyumba n'kuuza amai ake, iwo anangomufunsa kuti mbamayo yapindula ciani, namuuza kuti payenera kukhala njira ina yabwino koposa. Funso la amai akewo linamukhala mumtima moyo wake wonse. Atakula anakana kupita ku nkhondo ya ku Korea, ndipo anakhala m'ndende koposa caka cimodzi cifukwa ca kukanako. Pambuyo pake anagwira nchito ya umishonale zaka zitatu mumzinda wa Nagpur ku India, kumene anaphunzira mozama m'mene Mahatma Gandhi ndi anthu ake analimbanirana ndi ulamuliro wa Angerezi popanda mfuti. M'caka ca 1957 anakumana ndi m'busa Martin Luther King, amene anamupempha kuti asacedwe, apite kumwera kukaphunzitsa zimene anadziwazo.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani yathu, abale. Lawson sanayambe ndi kutulutsa anthu mumseu. Anayamba ndi sukulu. M'miyezi yomaliza ya 1959, Laciwiri lililonse madzulo, ophunzira a m'makoleji a anthu akuda ankasonkhana m'chalichi ca Clark Memorial. Poyamba anali owerengeka cabe. Mmodzi wa iwo anali John Lewis, mwana wa alimi osauka a ku Alabama, amene ali wamng'ono ankalalikira nkhuku za kwao poyeserera ubusa. Wina anali mtsikana wocokera ku Chicago, Diane Nash, amene poyamba ankakayika ngati njira yosabwezerayi ingaphule kanthu. Analiponso Bernard Lafayette ndi James Bevel, ophunzira za ubusa pamodzi ndi Lewis.

Kodi ankaphunzira ciani? Coyamba ankawerenga ndi kukambirana: ciphunzitso ca Yesu ca paphiri, moyo wa Gandhi, ndi mbiri ya ena amene anakana coipa popanda kukhetsa mwazi. Lawson ankawauza kuti amene akukutukwanayo nayenso ndi colengedwa ca Mulungu, anabadwa khanda losadziwa cidani, ndipo cidanico anacita kuphunzitsidwa. Cimene tilimbana naco ndi coipaco, munthuyo tifuna timupulumutse.

Caciwiri ankayeserera. Ankaika mipando mumzere ngati ya m'sitolo muja. Ena ankakhala pamipandopo, ena n'kusanduka azungu olusa. Ankawatukwana ndi mau onyansa enieni amene adzawamve kunjako, kuwauzira utsi wa fodya kumaso, kuwakankha, kuwagwetsa pansi. Wokhala pampandoyo ankaphunzira kumva mkwiyo ukukwera m'cifuwa koma manja osawadzutsa. Ankaphunzira kudzipinda pogwa kuti ateteze mutu ndi mimba, ndiponso kuphimba mnzake ndi thupi lake ngati akumenyedwa kopitirira. Ankaphunzira kuyang'ana womumenyayo m'maso. Amene ankaona kuti mtima wake sungapirire sankanyozedwa. Ankapatsidwa nchito ina, monga kuyendetsa anzake pa galimoto kapena kupereka mauthenga.

Makolo athu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Tsiku la moto si tsiku loyamba kufunsana kothawira. Ana awa anapangana, nayeserera miyezi ingapo, moto usanafike.

Ndipo sanathamangire kukangana. Anayamba afufuza kuti cimene cikupweteka anthu koposa n'ciani, ndipo amai a m'mipingo ndiwo anachula za masitolo aja, cifukwa ndiwo ankanyozeka kumeneko kawirikawiri. Kenaka atsogoleri anapita kukakamba ndi eni masitolo mwaulemu, kuwapempha kuti asinthe. Eni masitolo anakana. Atakana m'pamene ophunzira anakonzeka kukakhala pamipando yoletsedwa ija.

Pa 1 Febuluwale 1960 anyamata anai a mumzinda wina, wa Greensboro, anakhala pa malo odyera a azungu, ndipo mbiri yake inawanda. Pa 13 Febuluwale ophunzira a ku Nashville oposa 100 anavala zovala zao za pa Sondo, natenga mabuku ao a sukulu, n'kukakhala pamipando ya m'masitolo atatu. Anapempha cakudya mwaulemu. Atakanizidwa anatsegula mabuku ao n'kumawerenga, mpaka madzulo. John Lewis ndi Bernard Lafayette analemba malamulo pa kapepala kuti aliyense akhale nako: osabwezera nkhonya kapena mwano, osaseka mokweza, osatseka khomo kapena njira ya ogula, kukhala mowongoka, kukhala aulemu nthawi zonse, osacoka pampando mtsogoleri asananene, ndi kukumbukira ciphunzitso ca Yesu, ca Gandhi ndi ca King.

Moto unafika pa 27 Febuluwale. Gulu la anyamata aciyera linalowa m'masitolo. Anakoka ophunzira pamipando n'kuwamenya, ena anawazimitsira ndudu za fodya pamsana ndi m'tsitsi. Anamenyanso mnyamata wa mzungu amene anakhala pamodzi ndi anzake akuda. Palibe wophunzira ndi mmodzi yemwe amene anabwezera. Apolisi atafika anasiya omenya aja n'kumanga omenyedwa, anthu 81. Koma akangocotsa gulu limodzi pamipando, gulu lina linkalowa n'kukhala pomwepo. John Lewis anali atangokwanitsa zaka 20 sabata yomweyo, ndipo kumeneko kunali kumangidwa kwake koyamba. Khoti litawalipiritsa madola 50 aliyense, ambiri anakana kulipira nasankha ndende. Diane Nash anafotokozera woweruza kuti kulipira kukanakhala kuthandizira cosalungama cimene cinawamangitsaco.

Amene analipo amasimbanso za tsiku lina pamene mnyamata wa mzungu analavulira Lawson malovu kumaso. Lawson anamupempha kampango kopukutira, ndipo mnyamatayo, modzidzimuka, anamupatsa. Atadzipukuta, Lawson anaona zovala za mnyamatayo n'kumufunsa ngati ali ndi njinga yamoto. Posakhalitsa awiriwo anali kukambirana za mainjini. Taonani, abale: Lawson sanathawe, sanagwade, ndiponso sanamenye. Anamukumbutsa mnyamata uja kuti onse awiri ndi anthu.

Apa tibwerere ku Yohane 18. Yesu ali pamaso pa mkulu wa ansembe, mmodzi wa asilikali a pakacisi anamumenya mbama. Yesu sanabwezere, ngakhale anali ndi mphamvu zonse. Komanso sanakhale cete ngati kuti palibe cimene cacitika. Anamufunsa munthuyo kuti aonetse colakwa ngati cilipo, ndipo ngati palibe, anene cifukwa cimene wamumenyera. Mwini wake wa lamulo la tsaya lija akutionetsa m'mene lamulolo liyendera. Munthu amaimirira pomwepo, amachula coipaco ndi dzina lake, koma dzanja lake silipweteka wina. Paulonso anacita cimodzimodzi ku Filipi, pa Macitidwe 16. Atakwapulidwa ndi kutsekeredwa popanda mlandu, anakana kutulutsidwa mwakacetecete, nafuna kuti akuluakulu a mzindawo abwere okha adzamutulutse. Wamantha sacita zotere.

Tinenenso momveka, kuti wina asapotoze mau a Mulungu. Mai amene akumenyedwa m'nyumba mwake, kapena mwana amene akucitidwa nkhanza, asauzidwe kuti kupereka tsaya lina ndiko kukhala cete. Kukanena kwa ankhoswe, kwa akulu a mpingo, kwa amfumu ndi kupolisi ndiko kuchula coipa ndi dzina lake. Kumeneko sikubwezera ai.

Ku Nashville kuja makolo ataona ana ao akumenyedwa ndi kumangidwa, mitima inawawa. Ambiri a iwo poyamba ankaopa kuti ana acotsedwa sukulu, ndipo mantha ao anali ndi cifukwa, pakuti Lawson mwini anacotsedwa pa yunivesite ya Vanderbilt m'mwezi wa Malichi. Koma abusa analalikira m'machalichi, ndipo anthu akuda anapangana kuleka kugula m'masitolo a pakati pa mzinda. Inali nyengo ya Pasaka, pamene mabanja ankagula zovala zatsopano. Caka cimeneco anapita kuchalichi ndi zovala zakale. Eni masitolo anayamba kuona kuti m'kabati mwao ndalama zacepa. Cala cimodzi siciswa nsabwe: ana anakhala pamipando, makolo anasunga ndalama m'thumba.

Pa 19 Epulo m'mamawa, anthu oipa anaponya bomba panyumba ya Z. Alexander Looby, loya wakuda amene ankaimira ophunzira aja kukhoti. Nyumba inaphwasuka, mazenera oposa 100 a pa koleji ya udokotala yoyandikana nayo anasweka, koma mwa cisomo ca Mulungu Looby ndi mkazi wake anatuluka amoyo. Tiganize tokha: kukanakhala kwathu kuno, dzuwa likanalowa nyumba zingati zisanatenthedwe? Koma tsiku lomwelo anthu oposa 2,000 anayenda ulendo wa pansi kupita ku maofesi a mzinda, ali cete, osaimba, osakuwa. Cimene cinkamveka ndi mapazi okha. Atafika, meya wa mzindawo, Ben West, anatuluka kudzakumana nao. Diane Nash, mtsikana wa zaka 21, anamufunsa pamaso pa onse ngati iye monga munthu aona kuti n'koyenera kusala wina cifukwa ca khungu lake. Meya anavomera kuti n'kulakwa. Atamufunsanso ngati malo odyera aja atsegulidwe kwa onse, anavomeranso. Pa 10 Meyi 1960 masitolo 6 anayamba kupereka cakudya kwa anthu akuda pamipando ija. Anacita kupangana bwino ndi eni masitolo kuti masiku oyamba azibwera ocepa ocepa, popanda cionetsero ndi popanda kunyogodola wina.

Tisaganize kuti njira imeneyi ndi yofewa kapena yacidule. Malo ena ambiri mu Nashville anapitiriza tsankho mpaka lamulo la dziko lonse litakhazikitsidwa mu 1964. John Lewis anaswedwa mutu ndi apolisi pa mlatho wa ku Selma mu 1965. Martin Luther King anaomberedwa mu 1968 mumzinda wa Memphis, kumene anapita ataitanidwa ndi Lawson yemweyo kukathandiza anchito otola zinyalala. Yesu sanatilonjeze kuti wosabwezera sadzavulala. Iye mwini anafika pa mtanda.

Koma mverani cipatso cina cimene nkhonya singabale. Mu 1961, pa siteshoni ya mabasi ya ku Rock Hill, gulu la azungu linamenya John Lewis mpaka kukha mwazi. Apolisi atamufunsa ngati afuna kuwaimba mlandu, iye anakana. Patapita zaka 48, mu 2009, mmodzi wa omenya aja, Elwin Wilson, atakalamba, anapita ku Washington kumene Lewis anali phungu wa nyumba ya malamulo, nakapepesa. Lewis anamukhululukira, ndipo anakumbatirana. Lewis akanabwezera tsiku lija, mkuluyo akanakhala ndi podzikhululukira moyo wake wonse. Popeza sanabwezeredwe, cikumbumtima cake cinalibe pobisala. Nayonso yunivesite imene inacotsa Lawson inamuitananso mu 2006 kuti adzaphunzitse. Iye anamwalira mu 2024 ali ndi zaka 95.

Tsono ife nkhani imeneyi itiuza ciani? Ana athu ali ndi maso, ndipo amaona zosalungama. Amaona pamene cakudya ca pa sukulu yogonera komweko cacepa, pamene ndalama za citukuko zasowa, pamene feteleza wafika mvula itapita kale, pamene mai wamasiye walandidwa munda ndi acibale a mwamuna wake. Mkwiyo wao pa zinthu zotere si chimo. Vuto ndi lakuti tawaphunzitsa njira ziwiri zokha. Ina ndi yakuti khala cete, ndiwe mwana. Ina amaiphunzira kwa anzao ndi kwa andale ena: tola mwala. N'cifukwa cake timamva za ophunzira amene aswa mazenera a sukulu yao yomwe, kenaka makolo n'kugulitsa mbuzi kuti alipire. Timamva za anyamata opatsidwa mowa ndi kandalama pa nthawi ya masankho kuti akamenye ana a mnansi wao. Timamva za nkhalamba yothamangitsidwa m'mudzi ndi gulu lolusa cifukwa wina waichula mfiti. Mawa lake cosalungama cija cikadalipo, ndipo paonjezeka maliro kapena mlandu.

Njira yacitatu ilipo, koma siimera yokha ngati bonongwe. Ndi yophunzira. Kwaya imakumana kangapo pa sabata kuti nyimbo ya pa Sondo imveke bwino. Mnyamata saphunzira kugwira pulawo tsiku limene mvula yoyamba yagwa. Nanga bwanji tiyembekeza kuti mwana adzagwira mtima wake pa tsiku la mkangano, pamene sanayeserepo ndi kamodzi komwe?

Cotero tikupempha abusa, akulu a mpingo, aphunzitsi ndi atsogoleri a acinyamata: patulani nthawi ya sukulu yotere. Sifuna ndalama. Ifuna mthunzi wa mtengo ndi mabenchi awiri. Tengani nkhani yeniyeni ya m'dera lanu. Wina akhale mwini ng'ombe zimene zadya mbeu, wina mwini dimba. Wina akhale mkulu wa sukulu wosafuna kumva, ena akhale ophunzira odandaula. Wotukwana atukwane ndithu, ndipo winayo aphunzire kuyankha zoona zokhazokha, mau ali pansi, manja ali pansi. Mukatha mufunsane kuti mkwiyo unayambira pati m'thupi, ndipo ndi mau ati amene anauzimitsa kapena kuukoleza.

Muwaphunzitsenso ndondomeko imene ana a ku Nashville anatsata, imene ifanana ndi malangizo a Ambuye pa Mateyu 18. Yambani mwafufuza, kuti musaimbe munthu mlandu ndi mphekesera. Mukapeza zoona, pitani kwa mwini nkhani mukakambe naye maso ndi maso, mwaulemu. Akakana, tengani mboni, lembani kalata, pitani kwa anyakwawa, kwa amfumu, ku komiti ya makolo ndi aphunzitsi, kwa khansala. Zonsezi zikalephera, imirirani pamodzi poyera, mwadongosolo ndi motsata malamulo a dziko, muli ndi atsogoleri odziwika, popanda mwala, popanda mowa, popanda mwano. Ndipo nkhani ikatha musiye khomo lotsegula, cifukwa amene mwatsutsana naye lero mudzakumana naye pa citsime ndi pa maliro.

Inu amai ndi atate, kumbukirani amai ake a Lawson. Sanalalikire ulaliki wautali. Anafunsa funso limodzi m'khichini, ndipo funsolo linafika mpaka kusintha mzinda. Mwana akabwera kunyumba atamenya mnzake, ena a ife timamuyamikira kuti ndiye mwamuna. Akabwera atamenyedwa timamubweza kuti akabwezere. M'mera m'poyamba. Zimene timuuza pakhomo ndi zimene adzacite pa bwalo.

Ndipo inu ana athu a sukulu, musadziyese ocepa. Amene anasintha Nashville anali a zaka 19, 20 ndi 21, ena a iwo ana a alimi ngati inu. Cimene anali naco ndi cikhulupiriro, umodzi, ndi mtima umene anauphunzitsa kupirira usiku ndi usiku m'chalichi muja.

Tipemphere. Atate wathu wakumwamba, Inu mudana ndi cosalungama, komabe mukonda wocimwa. Tipatseni maso oona coipa ndi pakamwa pocichula mopanda mantha. Gwirani manja athu pa ola la mkwiyo. Dalitsani ana athu m'masukulu, aphunzitsi ao, mafumu athu ndi onse otilamulira. Sandutsani machalichi athu akhale malo ophunziriramo mtendere, kuti tsiku la moto likadzafika lidzatipeze titapangana kale. Tapempha m'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Ameni.

Mulungu akusungeni nonse kufikira tidzakumanenso pa nthawi ngati yomweyi.